Waya wowala wa EL: inverter yake mugule iti muno mu Blantyre?

Chaka chatha mwana wa achemwali anga ankakwatiwa ku Chilomoni, nde anyamata ndi atsikana operekeza mkwati aja anakakamira kuti povina madzulo avale zovala zowala ngati zomwe anaziona pa TikTok. Ntchito inagwera ine, poti kwathu aliyense amene anawotchererako waya wa wailesi basi ndi injiniya ameneyo. Waya wowala wa EL (chidule cha electroluminescent, wowala ndi magetsi) tinaitanitsa kudzera mwa mnzanga wina amene amapitapita ku Johannesburg, unafika bwinobwino, mamita 30, wobiriwira ndi wa pinki. Koma timabokosi toyatsira waya uja, totchedwa ma inverter, tinabwera 4 tokha m'malo mwa 10, ndipo kamodzi ndinakapsereza ndekha usiku woyamba omwewo. Masabata 3 otsatirawo ndinakhala ndikusakasaka njira zina, ku Limbe, ku Ndirande, pa intaneti. Zomwe ndinaphunzira ndi izi, mwina zingakupulumutseni ndalama inuyo.

Waya ameneyu amawala bwanji

Poyamba mvetsani kuti waya wa EL si babu, mulibe kanthu kotentha mkatimo. Pakati pali waya wa mkuwa wokutidwa ndi ufa wa phosphor, nthawi zambiri zinc sulfide wosakaniza ndi mkuwa pang'ono, pamwamba pa ufawo anakulungapo tiwaya topyapyala ngati tsitsi, kenako pulasitiki kunja. Waya wapakati ndi tiwaya takunjato sizikhudzana. Amene munaphunzirako zamagetsi mwaizindikira kale, imeneyo ndi capacitor, kachipangizo kosunga magetsi pakati pa zitsulo ziwiri zosakhudzana, kungoti ndi yaitali ngati chingwe choyanikapo zovala. Mapanelo a EL aja ooneka ngati pepala nawonso ndi chimodzimodzi, angoyalidwa.

Ufa uja umawala pokhapokha magetsi akamatembenukatembenuka, mbali iyi kenako mbali iyo. Anazitulukira zimenezi ndi Georges Destriau wa ku France mu 1936. Zili ngati pa mjigo, mukangotsitsa chogwirira n'kuchipanikiza pansi madzi satuluka olo mupanikize ndi mphamvu zanu zonse, amatuluka mukamakweza n'kutsitsa. Nde mukalumikiza waya wa EL ku batire mwachindunji, olo batire ya lole, simuona kalikonse. Umafuna magetsi otembenuka aja, omwe amawatcha AC, AC ya mavolti pafupifupi 100, yotembenuka maulendo 400 mpaka 2000 pa sekondi. Ntchito ya inverter ndi imeneyo, kutenga mavolti 3, 5 kapena 12 a DC, magetsi osatembenuka ngati a batire, n'kuwasandutsa zimenezo.

Ma inverter ambiri otchipa mkati mwake muli transistor imodzi kapena ziwiri ndi kathiransifoma kakang'ono. Transistor imayatsa n'kuthimitsa magetsi a batire mu koyilo yoyamba mwachangu kwambiri, koyilo yachiwiri yomwe ili ndi mizere yambiri imakweza mavolti. Tsono apa ndi pomwe ambiri timagwa: waya wanu uja ndi mbali ya circuit. Koyilo ndi capacitor ya waya zimagwirizana kuti zithamanga liwiro lanji. Mukaika waya wautali kuposa womwe inverter inapangidwira, liwiro limatsika, kuwala kumazilala, waya wabuluu umayamba kuoneka mobiriwira. Mukaika wamfupi kwambiri, liwiro ndi mavolti zimakwera, umawala bwino koma umakalamba msanga. Mukayatsa popanda waya n'komwe mavolti amakwera alibe kolowera, transistor kapena koyilo imapsa. Kanga kaja kanapsa choncho, ndinkangofuna kuona ngati mabatire ali amoyo, kanalira kamphindi, kenako kafungo ka pulasitiki, basi kwatha.

Zoti muyang'ane musanatulutse ndalama

Funso loyamba ndi mamita angati onse pamodzi, chifukwa inverter iliyonse inalembedwa utali womwe imakwanitsa, ndipo mukagawa mawaya angapo pa inverter imodzi utali wake umaphatikizidwa. Lachiwiri, magetsi muwatenga kuti, m'thumba mwa munthu wovina, pa njinga yamoto, kapena pa soketi. Mukayankha ziwirizi, njira iliyonse ndaiyeza pa zinthu 4: mtengo, kupezeka kwake muno m'tauni, kusamalira, ndi zoopsa zake. Pa mtengo ndikungoyerekeza njira ina ndi inzake, poti chiichepetsereni mphamvu kwacha ndi 44% mu Novembala 2023 zinthu zochokera kunja mtengo wake sukhazikika, wa lero mawa ndi wina.

Kabokosi ka mabatire 2 a AA

Ndi kamene kamabwera limodzi ndi waya mukagula wa mamita 1 mpaka 3. Kali ndi batani limodzi, kudina koyamba kuyaka, kenako kuphethira pang'onopang'ono, kenako mwachangu, kenako kuthima.

Mtengo: pogula ndi kotchipa kuposa zonse. Ndalama zimathera ku mabatire. Anthu 10 ndi mabatire 20 usiku umodzi, onjezani a ma rehearsal poti ana akaona chowala safuna kuyeserera mumdima.

Kupezeka: m'mashopu a muno kugula kokha popanda waya n'kovuta, ine ndinazungulira Limbe yense osakapeza, ena amandionetsa tochi, ena chaja. Kawirikawiri mumaitanitsa kunja, nde itanitsani ndi tapadera 2 kapena 3. Mabatire ndiye ali paliponse mpaka pa okala.

Kusamalira: gwiritsani mabatire a alkaline, amakoka maola angapo. Otchipa aja a zinc-carbon amatha msanga ndipo mukawaiwala mkati amatuluka madzi n'kudya tizitsulo. Ochajidwa a NiMH amagwira ntchito koma lililonse ndi mavolti 1.2 m'malo mwa 1.5, nde kuwala kumatsikako pang'ono. Malo omwe amaduka ndi pomwe waya wa EL walumikizidwa ndi pulagi, munthu akamavina pamapindika mpaka tiwaya tatsitsi tija tiduke. Pamenepo mangani ndi tepi kapena sokererani ku nsalu kuti pasamagwedere.

Zoopsa: kamalira ngati udzudzu, kaphokoso kopyapyala kochokera mu kathiransifoma kakamanjenjemera pa liwiro lomwe khutu limamva. Mu holo ya ukwati simungakamve, koma pa sewero la kutchalitchi pomwe anthu ali zii mumakamva. Shoko yake ndi yongoluma ngati mwabayidwa ndi singano, koma pa thupi la thukuta imamveka ndithu, nde nsonga ya waya itsekedwe ndipo isakhudze khungu.

Inverter ya USB

Iyi imatenga mavolti 5 ku power bank kapena chaja cha foni. Mkati ndi zomwe zija, kungoti mabatire mulibe, ndipo zambiri zimakwanitsa mamita ochepa ngati ka AA kapena kuposerako pang'ono.

Mtengo: yofanana ndi ka AA kapena kukwererako pang'ono, koma za mabatire mwathana nazo. Muno ndani alibe power bank, ndi mmene magetsi amathimathimiramu.

Kupezeka: nayonso ndi yoitanitsa. Ubwino wake ndi yaing'ono, 10 zimakwana mu envelopu, munthu wobwera pa basi sangadandaule.

Kusamalira: palibe zambiri. Chingwe cha USB chimasolokasoloka munthu akamadumpha, chimangeni ndi labala.

Zoopsa: pali chimodzi chomwe ogulitsa sanena. Ma power bank ambiri amadzithimitsa okha akaona kuti chomwe chalumikizidwa chikukoka magetsi ochepa, amayesa foni yadzaza. Waya wamfupi wa EL umakoka zochepa zedi, makamaka ukamaphethira. Pa rehearsal yathu mtsikana wina amangothima pakatha masekondi angapo, anzake akuwala iye ali bii, mpaka analira poganiza kuti tamupatsa chakufa dala. Tinangosintha power bank zinatheka. Nde yesani power bank iliyonse kwa mphindi 10 tsiku lisanafike. Komanso power bank ndi yolemera, m'thumba la diresi la nsalu yopyapyala imakoka chovala.

Inverter ya 12V

Apa ndiye pa ntchito zikuluzikulu. Zilipo za mamita 10, 20 mpaka 50, zina zili ndi kamaikolofoni kuti waya uziphethira motsatira nyimbo, zomwe ma DJ amazikonda. Imayenda pa batire ya galimoto, ya njinga yamoto, ya sola, pa adaputa ya 12V, olo mabatire 8 a AA mukawalumikiza mondondozana.

Mtengo: imodzi ndi yodula kuposa ziwiri zapamwambazo, koma mukawerengera pa mita imatchipa. Kukongoletsa siteji ndi mamita 30 pogwiritsa timabokosi ta AA ndiye kuti timabokosi 10 ndi munthu woti azithamanga kudina mabatani, pomwe apa ndi swichi imodzi.

Kupezeka: mwa zonse iyi ndi yomwe mungaipeze muno mwamwayi, kwa ogulitsa zokongoletsa magalimoto, poti waya wa EL ena amauika m'mphepete mwa dashibodi. Koma zomwe zimabwera ndi waya wa m'galimoto zimakhala za mamita ochepa, werengani zomwe zalembedwa pa inverter yeniyeniyo osati pa katoni. Wina anandigulitsa yomwe pa katoni panali nambala ina, pa chipangizo nambala ina yocheperapo, nditabwerera anangoti katundu akatuluka sabwezedwa achimwene.

Kusamalira: ikani fyuzi yaing'ono pafupi ndi batire, musanyozere zimenezi, batire ya galimoto ikachita shoti waya amasanduka makala. Injini ikamalira magetsi a galimoto amafika cha m'ma volti 14, inverter yabwino imapirira koma imatenthako, nde isatsekeredwe mu siponji ya mpando. Madzi ndiye mdani wake. Pa kabaza ibiseni pansi pa mpando mu kabokosi, ndipo nsonga zonse za waya zitsekedwe ndi guluu wotentha kapena heat shrink, kachubu kapulasitiki kothina mukakatenthetsa, chifukwa chinyontho chikalowa mu phosphor pamada ndipo sipadzawalanso. Chiperoni cha mwezi wa Juni chija chimaoneka ngati si mvula koma chimalowa paliponse.

Zoopsa: shoko ya iyi si yamasewera ngati ya ka AA, inverter yokwanitsa mamita 50 ili ndi mphamvu zochuluka, thimitsani musanagwire malumikizidwe. China, kaphokoso kake kamalowa mu zokuzira mawu mukadutsitsa waya wake pafupi ndi chingwe cha maikolofoni kapena mukatenga magetsi pa batire imodzi ndi amplifaya, mumangomva tswiii mu sipika. Talikitsani zingwe. Komanso mawaya onse ali pa inverter imodzi, nde umodzi ukachita shoti onse amathima limodzi, ndipo kuupeza wolakwawo ndi kuzula umodziumodzi, mukuthimitsa kaye nthawi iliyonse. A kabaza ndi a minibasi, mtundu wa buluu ndi wofiira wophethira upeweni, musafanane ndi apolisi kapena ambulansi.

Ya chip, kapena kudzipangira nokha

Izi ndi za anyamata ndi atsikana a ku MUBAS ndi ena okonda kusula zinthu. Pali ma chip opangidwira ntchito imeneyi, monga HV857 ya kampani ya Supertex yomwe inagulidwa ndi Microchip mu 2014. Kagwiridwe kake ndi kosiyana ndi ka thiransifoma. Chip imayatsa n'kuthimitsa magetsi mu kakoyilo kamodzi kakang'ono maulendo masauzande makumi angapo pa sekondi, nthawi iliyonse ikathimitsa kakoyiloko kamalavula mavolti okwera, diode imawalowetsa mu capacitor mpaka akwane cha m'ma 95 a DC. Kenako maswichi 4 a mkati mwa chip, omwe amawatcha H-bridge, amatembenuza magetsiwo uku ndi uku pa nyali, kutanthauza kapanelo kapena waya wa EL, nde nyaliyo imaona mavolti pafupifupi 190 kuchoka pansi kufika pamwamba. Imayenda ndi mavolti 1.8 mpaka 5. Maganizo ake ndi omwe aja a mawotchi a Timex Indiglo omwe anatuluka mu 1992, kabatire kangati batani koma nkhope yonse ya wotchi kuwala. Mabatani a foni ya Motorola RAZR V3 ya 2004 nawonso ankawala ndi EL.

Njira ina ndi yachikale: 555 timer (kachip koyatsa n'kuthimitsa magetsi mobwerezabwereza), transistor, ndi kathiransifoma ka mu wailesi yakufa kolumikizidwa chadodolido, mbali ya mavolti ochepa kukhala yolowera.

Mtengo: chip payokha ndi yotchipa, chodula ndi kuitumiza kuno ndi nthawi yanu. Ya 555 pafupifupi ndi yaulere ngati muli ndi mulu wa zakufa kunyumba.

Kupezeka: HV857 ndi yoitanitsa basi. 555, ma transistor ndi mathiransifoma akale ndiye amapezeka kwa okonza mawailesi ndi ma TV ku Ndirande kapena mumsika wa Limbe.

Kusamalira: ubwino wa chip ndi woti liwiro mumalisankha nokha ndi resistor, silisintha ndi kukula kwa nyali, ndipo mavolti amadziletsa okha nde siipsa chifukwa choti mwayatsa popanda nyali. Phokoso ndi lochepa. Mukasankha liwiro lotsika nyali imakhalitsa, mukakweza imawala kwambiri koma imatha msanga, zili kwa inu. Kuipa kwake ndi kakang'ono ngati njere ya mpunga, miyendo 8 yothinana, kuwotcherera ndi chitsulo chathu chija cha nsonga ngati chala ndi chilango.

Zoopsa: chip imeneyi ndi ya tinyali ting'onoting'ono, kukula ngati timabokosi ta machesi 2 mutatigundaniza. Mukaipatsa mamita 5 a waya imangoti mbuu. Ya 555 ija vuto lake ndi loti palibe choletsa mavolti, thiransifoma yopangidwira 230 ikhoza kukupatsani 200 n'kupitirira n'kuboola waya, ndipo ma multimeter otchipa amanama akamayeza AC yothamanga chonchi poti anapangidwira ya 50 pa sekondi. Yambani ndi mavolti ochepa olowera, muzikweza pang'onopang'ono mukuyang'ana waya. Ine yanga inayaka, ndinanyadira, koma sindikanaiika m'thumba mwa mwana wa munthu.

Ziwiri zoti musayese n'komwe

Dzina loti inverter limasokoneza. Ija ya kunyumba ya sola kapena ya batire imatulutsa mavolti 230 otembenuka maulendo 50 pa sekondi, ngati a ESCOM. Liwiro limenelo ndi lochepa maulendo 20 poyerekeza ndi 1000, nde kuwala kumakhala kofooka, pomwe mavolti apitirira kawiri omwe waya umafuna, ndipo kumbuyo kwake kuli mphamvu zopha munthu. Kapulasitiki kakang'ambika pa chovala ndi maliro amenewo. Tinyali ta EL tolowetsa mu soketi tilipodi, koma tinapangidwira zimenezo ndipo ndi totsekedwa.

Yachiwiri ndi inverter ya mu laputopu kapena monita yakale, ija yoyatsa timachubu ta CCFL kuseri kwa sikirini. Wokonza makompyuta wina anandipatsa ndi mtima wabwino ndithu, akuti nayonso ndi yowalitsa. Imeneyo imatulutsa mavolti mahandiredi angapo, poyatsa kupitirira 1000, pa liwiro la masauzande makumi angapo. Ndinaiyesa pa kachidutswa, kanawala kamodzi mokongola kwambiri, kenako kanathetheka n'kuboola pulasitiki.

Nanga bwanji osangogula LED neon

Funso limeneli dzifunseni moona mtima, chifukwa anthu ambiri ofuna EL kwenikweni akufuna ichi. LED neon ndi mzere wa ma LED wokutidwa mu silikoni, umayenda pa 12V ya DC mwachindunji, inverter palibe.

Mtengo: pa mita ndi wodulirapo, ndipo umadya magetsi ambiri kuposa EL, nde pa batire mufunika yaikulu.

Kupezeka: apa LED yapambana kutalitali, mashopu a zamagetsi mu Limbe ndi mu tauni ma LED strip ali mbwee, ma adaputa akenso.

Kusamalira: ma LED amakhala maola masauzande makumi angapo. EL kuwala kwake kumatsika kufika theka pakatha maola masauzande ochepa chabe, ndipo dzuwa limaufulumizitsa kukalamba. Chikwangwani choyaka maola 10 usiku uliwonse ndi maola 3650 pa chaka, nde werengerani nokha.

Zoopsa: shoko palibe, koma ndi wonenepa, wolemera, umadulidwa pa malo olembedwa okha, umawala mbali imodzi, ndipo supindika tingodya ting'onoting'ono. EL ndi wopyapyala ngati chingwe cha nsapato, umawala mozungulira monse, sutentha, mumadula paliponse ndipo umasokeka pa nsalu. Kungoti kuwala kwake ndi kofatsa, kumafuna mdima weniweni. Zithunzi za otsatsa malonda zija amajambula mu chipinda chamdima bii, pa khonde la shopu loyaka mababu simungauone n'komwe.

Nde inuyo mutenge iti

Ngati ndi zovala za ovina, kwaya, kapena angelo a sewero la Khirisimasi, munthu aliyense mamita 3 kutsika, tengani timabokosi ta AA, aliyense kake, ndi tapadera. Kamodzi kakafa ena akuwalabe. Ngati gulu lanu limavina sabata ndi sabata, USB ikubwezerani ndalama za mabatire, bola power bank iliyonse iyesedwe.

Siteji, tebulo la DJ, geti la ukwati, mkati mwa galimoto, pa kabaza, ndi 12V yogwirizana ndi mamita anu, fyuzi ili pompo. Ngati mamita anu ndi 18 gulani yolembedwa kuti imafika 20, osati ya 50 poganiza kuti yaikulu ndiye yabwino.

Kapanelo kakang'ono kowalitsa sikirini, pulojekiti ya kusukulu, kapena chinthu chofuna kukhala chete, ndi chip. Ya 555 ikhale ya pa tebulo pophunzirira.

Chikwangwani cha shopu, saluni kapena bala, chilichonse chokhala panja chaka chonse, musavutike ndi EL, gulani LED neon.

Ife pa ukwati paja tinathera pa timabokosi ta AA 3 totsala, ma USB 4 omwe anafika kutatsala masiku 2, ndipo anyamata 3 otsalawo tinawaika kumbuyo atanyamula chikwangwani cha mayina a akwati choyendera 12V, batire ya njinga yamoto ili mu chikwama cha kumsana cha wamkulu thupi pa onsewo. Tinapempha a holo kuti athimitse magetsi onse nyimbo ikayamba, anakana poyamba akuti anthu aba mafoni, mpaka ankhoswe analowererapo ndiye anatipatsa mphindi 5.